Masiku Atatu Pamiyala

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana awiri ndi galimoto imodzi, ndipo pa atatuwa amene wandikalambitsa si mwana ayi. Ana anakula, wina ali kusekondale yogonera komweko, wina anayamba kale kudzichapira yekha. Galimoto yokha ndi imene sikula. Chaka chilichonse imabwerera ku ukhanda, ndipo woilera ndine ndemwe.

Ndi pikapu ya petulo, yoyera, kapena ndinene kuti inali yoyera isanadziwane ndi fumbi la kwa Wimbe. Malemuwo anaigula kwa mlimi wina wa fodya, amene naye anaigula kwa munthu wina amene anali atatopa nayo. Kawotchi kowerenga mtunda kanali kataima kale pamene inkafika pakhomo pathu, moti mpaka lero palibe amene akudziwa kuti yayenda mtunda wotani. Ndinafunsapo amakanika tsiku lina. Anangoseka n'kunena kuti, "Madamu, nkhalamba saifunsa zaka, mumangoifunsa kuti yadzuka bwanji."

Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale. Kwathu ndi ku Dedza, kuno ndinabwera ndi ntchito, n'kukwatiwa m'mudzi woyandikana ndi sukulu. Ndimakhala m'nyumba ya aphunzitsi, m'mphepete mwenimweni mwa msewu wafumbi wochoka m'mudzimo. Msewuwo umadutsa pakhomo panga, n'kutsetserekera kumanda, kenako kudambo. Aliyense wopita kumsika, kuchigayo kapena kokaika maliro amaona zonse zili pabwalo langa, ngakhale asakufuna.

Nkhani ya galimotoyi inayamba tsiku londisudzula. Patatha miyezi ingapo tiikire maliro, abale a amuna anga anasonkhana kuti andimasule monga mwa mwambo, ndi kugawa zimene malemu anasiya. Zovala, njinga ndi makasu zinagawidwa popanda phokoso. Itafika nkhani ya galimoto, alamu anga anakhosomola. Alamuwa ndi mkulu wawo wa amuna anga, mlimi wa fodya wa zigafa zitalizitali, munthu amene akamayankhula nawe amayang'ana pamwamba pa mutu wako.

"Galimoto si mbale yoti azimayi azingotsuka n'kusanja," anatero. "Imafuna mwamuna woimva ikamadwala. Mukaisiya kwa mlamu wangayu, pofika mvula ikubwerayi mudzaipeza ili pamiyala, nkhuku zikuikiramo mazira."

Woweruza anali atsibweni awo, mlongo wa apongozi anga aakazi, nkhalamba yosachulutsa mawu. Anaganiza kaye, n'kutembenukira kwa alamu, n'kunena kuti, "Galimotoyi ndi ya ana. Mayi awo aziwayendetsera. Koma tsiku limene tidzaione ili pamiyala, iwe udzapite ukaitenge, usadzafunsenso munthu." Anthu anaomba m'manja, inenso ndinagwada n'kuomba nawo. Mumtima ndinkaseka, poganiza kuti ndapambana. Sindinakumbuke kuti walira mvula walira matope.

Kuno galimoto sifa, imangokwezedwa pamiyala. Yendani m'midzi ya kwa Wimbe kapena kwa Mwase, muziona nokha. Zinagulidwa chaka chimene fodya anayenda bwino kumsika, zinayenda zaka ziwiri zitatu, lero zili kuseri kwa chigafa, matayala anachotsedwa n'kukaikidwa kungolo. Mwini wake ukamufunsa amati ikungodikira kachitsulo kamodzi kochokera ku Lilongwe. Kachitsuloko sikafika. Alamu anga omwewo, amuna omva galimoto ikamadwala, anali nayo yawo kuseri kwa nyumba, udzu utamera pansi pake, koma pamsonkhano paja palibe anaitchula. Choncho pamene atsibweni ankati pamiyala, aliyense anamva chimene akunena, ndipo ine ndinalumbira kuti yanga sidzakhalapo.

Kuyendetsa ndinkadziwa. Amuna anga anandiphunzitsira pabwalo la mpira la sukulu nthawi ya holide, ndipo laisensi ndinali nayo. Koma boneti ndinali ndisanaitsegulepo. Ndinapita ku Boma kukafuna amakanika amene malemu ankapitako, bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, amene galaja yawo ndi mthunzi wa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Amagwira okha, ndi bokosi lachitsulo la masipanala ndi thumba loyala pansi. Tsiku loyambalo anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana galimoto, n'kuisisita paboneti.

"Pepani ndi zovuta zinakugwerani," anatero. "Abambo aja ankaimva galimoto iyi. Inu mukuimva?"

Ndinati ndimangomva kuti ikulira.

"Basi, tiyambire pomwepo."

Ndi amene anandiuza mmene amuna anga ankadziwira nthawi ya sevisi popeza kawotchi kaja kanafa. Ankayendera fodya. Anthu akayamba kufesa nazale, sevisi. Akamawokera ndi mvula yoyamba, sevisi. Akayamba kusoka masamba n'kupachika m'zigafa, sevisi, ndipo mabelo akayamba kupita kuokushoni, sevisinso. Ine amene sindinalimepo ngakhale mzere umodzi wa fodya ndinayamba kusuzumira m'minda ya eni ake kuposa alangizi.

Sevisi yakeyo ndinailoweza ngati pemphero la Ambuye. Amakanika amalowa pansi, amamasula bawuti, oyilo wakuda bii n'kutsikira m'beseni lopindika. Amasintha fyuluta ya oyilo. Ya mpweya amaitulutsa n'kumaimenyetsa pamtengo wa mango uja, fumbi lofiira n'kungoti koboo. Mapulagi amawazula limodzilimodzi, kuwayang'ana, kuwapala ndi sandipepa, kuwatsuka ndi petulo. Kenako girisi, madzi a batire, madzi a lediyeta, n'kuyamba kumanga mabawuti onse amene msewu wathu wamasula, poti msewu umenewu ndi mabampu okhaokha, umagwedeza munthu mpaka mano. Pomaliza amaliza injini, n'kugunditsa sikuludilaiva pachitsulo, chogwirira chake n'kuika kukhutu, maso atatsinzina. Ine nthawi yonseyi ndimakhala patayala lakutha ndikuchonga makope a ana. Sanamalizepo sevisi osapeza chatsopano. Lero fanibeluti yang'aluka, ulendo wina mashokapu atha, ulendo winanso lediyeta ikudontha. Amandiuza mofatsa, akupukuta manja.

Zosinthira ankandituma kukagula ndekha kumashopu a zitsulo, chakuthacho nditachikulunga m'nyuzipepala kuti ndikafanizire. Poyamba ogulitsa ankandifunsa kuti, "Abambo akutumani chiyani, mayi?" Ndinkangolipira n'kutuluka. Ulendo wina anandipatsa fanibeluti yooneka bwino imene inaduka sabata isanathe. Ndinabwerera nayo n'kuiponya pakauntala anthu onse akuona, ndipo kuyambira tsiku limenelo amandilandira ndi mpando. Ndinaphunzira kusiyanitsa chitsulo chenicheni ndi chongofanizira pochinyamula m'manja, chenicheni chimalemerako. Nzeru zimenezi sindinazipemphe, ndipo m'kalasi sizindithandiza kanthu.

Amakanika anandipatsanso lamulo. "M'mawa uliwonse, musanamwe tiyi inu, muyambe mwaona ngati iyi yamwa." Choncho tsiku lililonse, ndili chimangire chitenje, ndinkatsegula boneti, kusolola kawaya koonera oyilo, kupukuta, kubwezera, kusololanso. Kenako madzi, kenako kuzungulira matayala ndikuwaponda ndi phazi. Zikhadabo zanga zinada osayeranso, moti ana a m'kalasi ankati ndikawaloza pabolodi amaona chala cha makanika. Dzinja msewu wa kudambo umasanduka phala. Ndinkayenda ndi khasu kumbuyo kwa mpando, ndipo ndikatitimira ndinkatsika ndekha kukakumba, okwera akundilangiza ali chikhalire. Ndikafika kunyumba, ndisanasambe ine, ndinkayamba ndagwetsa matope pansi pa galimoto ndi kamtengo, poti amakanika anati matope akauma amadya chitsulo.

Oyilo wakuda uja satayidwa. Amakanika ankandithirira m'chigubu, ndipo ndikafika naye kunyumba ndinkapeza anthu akudikira ndi mabotolo, kuti akapake mitengo ya zigafa chiswe chisadye, ena akadonthezere kungolo. Akazi awo a alamu anga sankalephera. Ankabwera ndi chigubu chawo, n'kumacheza uku maso ali pagalimoto, kuizungulira ngati akufuna kuigula. Ndinkadziwa kuti atumidwa kudzaona ngati ikupumabe. Ndinkawadzazira chigubucho mpaka kukhosi ndikumwetulira, mumtima ndikuti kawauzeni kuti sinafe.

Chimene atsibweni sananene n'chakuti galimoto ya ana idzasanduka galimoto ya mudzi. Wodwala akafooka, kwa aphunzitsi. Mayi wapakati akachedwa kupita kuchidikiro, kwa aphunzitsi. Maliro akachitikira kuchipatala cha ku Boma, kwa aphunzitsi. Abale a malemu sankapempha n'komwe, ankangoti, "Galimoto ya achimwene ili bwanji mawa?" Kukana sindikanatha, chifukwa ndikanati yawonongeka, mawuwo akanafika kwa alamu ndisanatseke pakamwa. Choncho inkayenda ngakhale ikutsokomola. Sitata itafa, ndinkaiimika potsetsereka pafupi ndi chulu kuti ndizingomasula buleki n'kuikwapula giya. Itakaniratu kulira masiku awiri, ndinapempha aphunzitsi anzanga kuti tiikankhire kuseri kwa makalasi, n'kumauza anthu kuti ili ku Boma. Tsiku lina inazima pakati pa dambo nditanyamula amayi a kumpingo, ndipo anaikankha atavala yunifomu zawo zoyera, akuimba nyimbo kuti anthu aziyesa n'zachisangalalo.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha chonchi. Maholide amene anzanga ankapita kwawo, ine ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango. Ku Dedza amayi anga anasiya kufunsa kuti ndibwera liti. Mwana wanga wamkazi anandiuzapo kuti, "Amayi, galimoto ikatsokomola kamodzi mumamva, koma ine ndili ndi chimfine lero tsiku lachitatu." Ndinamukalipira chifukwa cha mwano, kenako ndinakalirira kubafa. Ndinene mosabisa, ndinatopa. Ndinafika poida galimoto ija, moti m'mawa ndikamatsegula boneti ndinkaitukwana chamumtima, kenako n'kuipukuta galasi.

Ulendo wina ndinawafunsa amakanika kuti galimotoyi yatsala ndi zaka zingati. Ndikhulupirira kuti ndinkafuna anene kuti chimodzi. Iwo anatuluka pansi paja n'kundiyang'ana monyadira. "Mmene mukuisamaliramu, madamu? Imeneyi idzatiika tonse." Ankayesa kuti andisangalatsa. Ndinabwerera kwa Wimbe osayatsa ndi wailesi yomwe.

Ndi alamu tinasiya kuchezerana. Anthu ena ndi alamu awo amaseka ndi kuselewulana, ife tinkangopatsana moni wa patali, iwo tsidya ilo la msewu, ine tsidya lino. Ndikawadutsa panjira ndinkaponda moto dala kuti amve kuti injini ikulira bwino. Kuigulitsa sindikanatha, poti sinali yanga. Kuipereka sindinkafuna, poti kukanakhala kuvomera mawu aja a mbale. Komanso mpando wa dalaivala unali utalowa m'kati mmene ankakhalira amuna anga, ndipo za zimenezi sindinkauza munthu.

Chaka chachisanu ndi chiwiri, nthawi ya nazale, mabuleki anayamba ulesi. Ndinkachita kuponda kawiri kuti agwire. Nditawaimbira amakanika anandiletsa kuiyendetsa mpaka ku Boma. "Mungakaphe mbuzi za eni ake, kapena eni akewo. Ndibwera komweko Loweruka, tikapangiretu ndi sevisi yomwe."

Anafika m'mawa pakabaza wa njinga yamoto, bokosi lawo atalifungata pamiyendo. Kunali mphepo ija ya Seputembala, youma, yonyamula fumbi ndi mapesi kuchokera m'minda yopanda kanthu. Anayamba ndi kukhetsa oyilo. Kenako anati matayala onse anayi achoke, aone mabuleki a kutsogolo ndi kumbuyo komwe, n'kupakiratu girisi. Jeke inali imodzi yokha. Anayang'anayang'ana pabwalo, maso awo n'kukagwera pamulu wa miyala imene makolo anatuta yomangira chimbudzi cha sukulu.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Chilichonse, koma osati miyala."

Nkhani ya atsibweni ankaidziwa, choncho anaseka mpaka kutsamwa. "Madamu, maola awiri okha. Pofika nkhomaliro ikhala itaima ndi miyendo yake."

Miyalayo ndinatuta nawo ndi manja angawa. Pofika teni koloko galimoto inali m'mwamba, matayala atatsamira khoma la nyumba, zamkati mwa mabuleki zitayalidwa pathumba, tizitsulo ndi timasipuling'i, chilichonse pamalo pake. Ndinalowa m'nyumba kuti ndiwaphikire tiyi. Madzi asanawire ndinamva mfuu kuchokera kumudzi, liwu limodzi la mzimayi, kenako ena n'kulandira. Nditatuluka ndinaona amuna awiri akuyala masamba pamsewu. Mayi wina wothamanga ndi mpango m'manja anandiuza osaima kuti ndi atsibweni. Anali atamwa phala lawo, n'kukhala pakhonde kuothera dzuwa, osadzukanso.

Chisoni ndinamva, inde, anali munthu wabwino kwa ine. Koma ndinene zoona, chisonicho chinabwera pambuyo. Choyamba maso anga anathamangira kumiyala.

Amakanika anali atavula kale chipewa. Anapukuta manja ndi kansanza, n'kuyamba kutola masipanala limodzilimodzi kubwezera m'bokosi, mosamala kuti asalire.

"Bambo, chonde, bwezerani matayala okha," ndinatero. "Zinazo mudzamaliza."

"Tayala silingalowe zamkatizi zisanabwerere, ndipo zimenezi n'zogogoda ndi hamala," anayankha. "Mudzi uli pamaliro, ine ndizikhoma zitsulo pano? Komanso pakhomo pa mtengwa wawo? Anthu akamva adzati aphunzitsi anali kalikiliki ndi galimoto thupi lisanazizire. Ine ndibwera akaika."

Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona. Kuno maliro akagwa khasu limagona, wosoka fodya amasiya singano, wothirira nazale amachita mobisa anthu asanadzuke. Ineyo ndinali nditamunenapo mphunzitsi mnzanga wina wochokera kutauni amene anachapa n'kuyanika zovala tsiku la maliro. Amakanika anakulunga tizitsulo tija m'thumba n'kulowetsa m'nyumba, anapita kusiwa kukapepesa, kenako anakwera kabaza kubwerera ku Boma.

Galimoto ija ndinayesa kuifunditsa chipepala chakuda chofolera zigafa, n'kutsinjiza ndi njerwa. Mphepo inkachivundukula, ndipo ikachisiya, galimoto inkaoneka ngati yafadi. Ndinachichotsa, ndinamanga chitenje ndi mpango, n'kupita kumaliro.

Mwana wamkazi wa atsibweni amakhala kutali kumpoto, choncho anagwirizana zoti aike Lolemba. Loweruka, Lamulungu, Lolemba. Masiku atatu onsewo anthu a m'midzi yonse yozungulira ankadutsa pakhomo panga, ndipo palibe anadutsa osacheuka. Kophikira kuja amayi ankandifunsa monong'ona kuti, "Aphunzitsi, galimoto ija yatani?" Ndinkayankha kuti ndi sevisi chabe. Ankagwedeza mutu mwachifundo, mmene timachitira munthu akamati wodwala wake akupezako bwino. Ndinayankha choncho mpaka pakamwa panatopa, kenako ndinayamba kungoti, "Mwaiona nokha." Nkhuni ndi chimanga cha kuchigayo, zimene pamaliro ena onse ndinkanyamula ine, zinayenda pangolo ya alamu. Eni ake ngolowo anali atakhala pakati pa amuna, chipewa atachikokera kumaso, osacheukira kumene ndinali ngakhale kamodzi. Ndinati akudikira kuti tiike kaye. Lamulungu masana nditapita kunyumba kukasamba ndinapeza nkhuku ya eni ake ili phee pampando wa dalaivala, yalowera pawindo limene silitsekeka. Ndinalibe ngakhale mphamvu yoipirikitsa.

Lolemba tinanyamuka kupita kumanda. Bokosi linali patsogolo, ife amayi pambuyo tikuimba. Titafika pakhomo panga ndinaweramitsa mutu, ndikudikira kuti mtima uwawe, poti munthu amene anagamula kuti galimoto ikhale ndi ine ankadutsa pomwepo, iyo ili m'mwamba pamiyala, mudzi wonse ukuona. Koma chimene ndinamva chinali china. Thupi linapepuka. Ndinangozindikira kuti ndikuganiza za basi ya ku Dedza paholide ya Khirisimasi, ine nditakhala kumbuyo, wina akuyendetsa, ikafa panjira n'kukhala nkhani ya eni ake. Ndinaganiza za kudzuka m'mawa n'kuyamba ndi tiyi. Ndinachita manyazi, ndinakweza mawu panyimbo, koma maganizowo sanachoke.

Mlandu ndikanawina. Aliyense wanzeru akanavomereza kuti miyala ya sevisi si miyala imene ankanena atsibweni, ndipo amakanika akanandichitira umboni, mkulu wa mpingo anthu sam'tsutsa msanga. Koma pobwerera kumanda ndinali nditatsimikiza kuti sindiitana mboni. Mawu ananenedwa pagulu, miyala yaoneka pagulu, basi. Sindinagonje ayi, ndinkadziuza choncho, ndi maliro amene andigonjetsa, ndipo maliro salimbana nawo.

Lachiwiri nditaweruka kusukulu ndinachotsa zanga mugalimoto, ambulera, buku la nyimbo ndi nsapato zakale zimene ndinkavala pokankha. Ndinasonkhanitsa mapepala ake onse m'jumbo. Dzuwa litapendeka ndinaona alamu akubwera, akazi awo patsogolo, iwo pambuyo pafupi kwambiri, dzanja lili paphewa la mkazi. Ndinati kapena ndi kutopa kwa maliro. Ndinawatulutsira mpando, akazi awo n'kukhala nane pamkeka. Tinapatsana moni, tinapepesana. Sindinafune kuti nkhaniyo aiyambe iwo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga makiyi, n'kugwada patsogolo pawo.

"Alamu, mawu a atsibweni munawamva, inenso ndinawamva. Galimoto mwaiona mmene ilili. Makiyi ndi awa."

"Sindinaione," anatero.

Ndinayesa akundinyogodola, ndipo mtima unayamba kuwira. Kenako anatambasula dzanja kuti alandire, dzanjalo n'kudutsa pambali pa langa, n'kumafufuza m'malere. Akazi awo anayang'ana pansi. Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'anitsitsa kumaso, chinthu chimene ndinali ndisanachite kwa zaka. Maso awo anali otseguka, koma ankapenya khoma kumbuyo kwanga, ndipo masaya anali atalowa. Ndinawaika makiyiwo m'manja. Anawapapasa, n'kufinya kachikopa kamene mng'ono wawo anamangirirako.

"Ndi shuga," akazi awo ananong'ona. "Wakwera m'maso. Chaka chino ndiye zanyanya. Safuna kuti anthu adziwe."

"Mlamu," anatero alamu, "galimoto iyi ndinkaifuna ndili ndi maso. Kuyambira Loweruka anthu akundiuza kuti ili pamiyala, ena mpaka kundigwira chanza kuti nthawi yanga yakwana. Ine sindinabwerere zimenezo. Ndabwera kudzafunsa kuti itsika liti."

Anafotokoza kuti a chipatala cha ku Boma anawauza kuti apite Lachinayi, ndipo kuyambira pamenepo azipita mwezi ndi mwezi. Panjinga yamoto sangathenso, fumbi limawapweteka ndipo anagwapo kale. Pangolo n'kutali. "Pamudzi pano yoyenda ndi yanu yokhayi," anatero.

"Itengeni ndithu, alamu," ndinachonderera. "Mupeze dalaivala azikuyendetsani. Ana sangadandaule. Mawu a atsibweni asagwe pansi, dzulo lomweli tawaika."

Anapukusa mutu. "Ikabwera kwathu, pofika Khirisimasi ikhala itafa. Ine ndinkati simutha nayo dzinja limodzi, inu mwatha zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinalakwa, mlamu. Palibenso wina angaisunge." Anatambasulanso dzanja, makiyi ali pachikhatho, n'kudikira kuti ndiwatenge.

Mawu amenewa ndi amene ndinkawalakalaka m'mawa uliwonse ndili chiweramire painjini. Ndinkaganiza kuti tsiku limene ndidzawamve ndidzavina. Ndinatenga makiyi aja n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kokweza mawu, kumene sindinalire ngakhale kumanda. Akazi awo anandigwira paphewa. "Pepani, pepani, atsibweni ankakukondani zedi." Ndinawasiya aganize choncho. Ndikanawauza bwanji kuti ndinali nditatula katundu tsiku limodzi lokha, ndipo tsopano akundisenzetsanso uku akundithokoza?

Atapita ndinasamba kumaso, n'kuwaimbira amakanika. Anafunsa ngati abwere mawa lake kapena adikire Loweruka. Ndinati abwere mawa, m'mamawa, poti Lachinayi ndili ndi wodwala.